Dothi Limene Mwana Wanga Anatapa Osaodira

Abusa athu, akulu a mpingo, amayi anzanga a Lachinayi, achinyamata kumbuyo uko, ndi inu nonse abale ndi alongo, moni wanu m'dzina la Ambuye wathu Yesu. Ameni? Ameni ameneyo ndi wa anthu osadya m'mawa. Ameni? Eya, tsopano ndiye ndamva.

Ndikufuna kuchitira umboni. Mundipirire, chifukwa ngakhale ndakalambira pamaso pa ana a sukulu ku Nabvutika kuja, kuima pamaso panu lero n'kovuta. Nkhani imeneyi ndimaikumbuka ngati yachitika dzulo.

Ambiri mukumudziwa mwana wanga Zelesi, uyo wakhala pafupi ndi zenera uyo. Usawerame iwe, nkhaniyi ndi yako. Bambo ake atatisiya ndinatsala ndi iye yekhayo. Chaka cha chilala chija, chomwe tinkadya ufa wachikasu, ndi pomwe anapeza malo kuyunivesite ya dziko la kumwera uko, bungwe lina n'kuvomera kumulipirira. Ndinavina, abale. Ndinati basi, m'nyumba mwanga mwalowa dokotala kapena loya. Ndiye ndikumufunsa kuti, "Kodi ukaphunzira chiyani?" Ananditchulira dzina lachizungu lalitali, ine mphunzitsi wathunthu lilime n'kundikana. Ndinati, "Nena m'chinyanja." Iye akuti, "Amayi, ndi maphunziro a kakonzedwe ka malo. Ena amajambula nyumba, ine ndizidzajambula za panja: pomwe njira idutse, pomwe madzi a mvula ayende, pomwe mtengo ubzalidwe, pomwe anthu azikhala n'kupuma."

Kubzala mitengo mpaka kukwerera basi kudutsa malire? Ndipo ena a inu muli mom'muno, sinditchula mayina, munkandidikira pakhomo la tchalitchi pano n'kumati, "Amake Zelesi, mwana uja akuphunzirabe ugadeni boyi?" Ndinkaseka nanu, koma ndikafika kunyumba chakudya sichinkatsika. Musayang'ane pansi, ndinakukhululukirani kale.

Chinkandidetsa nkhawa kwambiri ndi lamulo la omulipirira aja. Anati ukangolephera chaka chimodzi, palibe kubwereza, nyamula katundu uzipita kwanu. Ndiye zaka zonsezi ine ndinkakhala mtima uli m'mwamba. Chaka chikatha bwino, ndinkati Ambuye, zikomo, tsopano chinachi. Chikatha chinacho, ndinkatinso Ambuye, chinachi.

Tsono chaka chomaliza chisanayambe, anabwera kutchuthi nthawi ya mvula ali ndi ntchito yomwe iwo amati pulojekiti. Anauzidwa kuti aliyense asankhe malo enieni kwawo, awayeze, awajambule, atape dothi la malowo likapimidwe, ndipo chaka chonse chomaliza adzagwirira pa zomwezo. Wobwerera chimanjamanja ndiye kuti walephera asanayambe n'komwe. Zelesi anasankha kumudzi kwathu ku Kasenengwa, komwe kuli achemwali anga aakulu. Kumeneko kuli chigwembe chomwe madzi a mvula akhala akukumba chaka ndi chaka. Chinadya njira ya kuchitsime, chinadya khola la mbuzi la achemwali, ndipo chinali chitayamba kulunjika nyumba yawo yomwe ili kumapeto kwa mudzi. Ndinati pita mwana wanga, ndi kwanu, palibe angakufunse.

Abale, palibe angakufunse! Mawu amenewa ndinawayankhula ndine.

Mwana anapita. Anakaonekera kwa amfumu monga anamuphunzitsira kusukulu, amfumu n'kuvomera, kenako iwo n'kunyamuka ulendo wa ku Mtenguleni kukakonzekera za mwambo wa Ncwala. Iye n'kuyamba ntchito. Anasema zikhomo n'kuzikhoma motsatira momwe madzi amayendera, kuchokera kumtunda kwa mudzi mpaka kuchigwembe. Kuti zizioneka bwino muudzu, anang'amba diresi yake yakale n'kumanga kansanza pachikhomo chilichonse. Diresiyo inali yofiira.

Ndaona amayi ena agwira kale pakamwa. Dikirani, sindinafike.

Dothi lija anati, ndisavutitse anthu, ndizitapa m'mawa onse ali kumunda kupalira. Iye ankayesa ulemu. Ankapita kuseri kwa nyumba iliyonse, panjira pomwe anthu amaponda, pachitsime, n'kutapa pang'ono, n'kuthira m'kathumba ka pulasitiki. Ndipo kuti asasokoneze kuti ili lachokera kuti, pakathumba kalikonse ankalembapo dzina la mwini khomo. Timatumbato n'kumatisunga kunsi kwa bedi m'nyumba ya achemwali.

Inu mukudziwa zomwe zikukambidwa masiku ano m'mabasi ndi m'misika, za anthu otenga magazi, za nsalu zofiira, za ana ophunzira kunja omwe amabwera atalowa zachilendo. Mukudziwanso kuyambira kale kuti munthu wotapa dothi pomwe mnzake waponda amakhala akufuna chiyani. Mwana wanga anakulira m'tauni, m'nyumba ya aphunzitsi, zimenezi ankangozimva ngati nthano. Anthu akuweruka kumunda ankapeza timaenje kuseri kwa nyumba zawo, ndi zikhomo za nsanza zofiira zitazungulira mudzi. Sanamufunse. Ankangoyang'anana.

Ndiye Tisa anadwala. Tisa ndi kamdzukulu ka achemwali, kamtsikana kakang'ono komwe mayi wake tinamuika m'manda zaka zapitazi, ndipo achemwali ndi komwe anatsala nako. Thupi linatentha, kenako kanayamba kukomoka, maso n'kutembenuzika. Amayi ena akufunafuna nsalu yoti akafunditse anasuzumira kunsi kwa bedi, n'kukoka timatumba tija. Pamwamba penipeni panali ka dzina la achemwali, dothi lotapidwa kuseri kwa nyumba komwe Tisa amasewera.

Uthenga unandipeza ndili m'kalasi, choko chili m'manja. Bambo wina wa kwathu yemwe anabwera panjinga kudzagula feteleza anaima pazenera n'kunena kuti, "Amayi, fulumirani kumudzi, mwana wanu amugwira ufiti." Abale, sindikumbuka kuti ana ndinawasiya ndi ndani. Ndinangopezeka ndili pamwamba pa lole, nditakhalira matumba, ndikungoti Yesu, Yesu, Yesu. Pemphero lina lililonse linandithawa. Lole ikatitimira m'matope ndinkafuna kutsika ndiziyenda wapansi. Ndinkaona mwana wanga atamenyedwa, ndinkaona atamangidwa, ndinkaona zonse zomwe mayi safuna kuona.

Ndinafika anthu atadzaza pabwalo la achemwali. Zelesi anali atakhala pansi, tsitsi lili nyankhalala, atakumbatira mpukutu wa mapepala ake ojambula. Timatumba tija anali atatiyala pamphasa ngati tomato wapamsika. Palibe anandilandira chikwama, palibe anandipatsa moni. Achemwali anga, amene anandibereka kumsana ndili khanda, anandiyang'ana ngati mlendo. Anali ndi kolona m'manja. Anati, "Amake Zelesi, ndinaika mwana wanga, ndinatsala ndi kameneka. Wako wabwera kudzanditengera."

Ndinamukokera Zelesi kuseri. Ndipo ndikuuzeni, abale, mantha ndi oipa. Nditaona mayina a abale anga pamatumba paja, olembedwa ndi dzanja lomwe ndinaliphunzitsa kulemba ndine, nanenso ndinayamba kumukayikira. Ndinamugwira paphewa n'kunena kuti, "Iwe, undiuze zoona. Kumwerako mumaphunzira chiyani kwenikweni?" Pomwe anthu ankamukuwiza mwanayu sanagwetse msozi. Koma nditamufunsa ine, analira. Anati, "Inunso amayi?" Mawu amenewo anandilasa, ndipo pomwepo ndinadziwa kuti mwana wanga alibe kanthu kumtima.

Tinabwerera pabwalo. Ndinayesa kufotokoza monga mphunzitsi. Ndinati dothili likupita kwa a zaulimi ku Chipata konkuno akalipime, aone ngati limamwa madzi kapena limakokoloka, kuti adziwe udzu ndi mitengo yomwe ingagwire chigwembecho. Bambo wina anati, "Ngati ndi za chigwembe, bwanji sanatape m'chigwembemo mokha? Mayina athu akufunanji?" Wina anati, "Bwanji ankadikira tichoke?" Ndiye ndinavula nsapato, ine amene ndimakalipira ana obwera kusukulu ndi mapazi afumbi, n'kuponda pamatope pamaso pa onse. Ndinati, "Zelesi, tapa pomwe ndapondapa, ulembe dzina langa. Ngati n'zakupha, ndiyambe ndine." Mwana anatapa. Ndinayesa kuti mitima igwa. Koma mayi wina anangoti, "Inu ndinu amake, akusiyani dala."

Anyamata ananyamula mphasa ija ndi timatumba tonse n'kukakhuthula m'chigwembe, m'madzi oyenda. Anazula zikhomo zonse n'kuzitentha. Atatembenukira kumapepala, ine ndinali nditawalanda kale n'kuwabereka kumsana ndi chitenje, mfundo ili pachifuwa. Ndinati, "Amene akufuna mapepalawa ayambe wandivula ine." Palibe anayerekeza. Koma dothi linali litapita, ndipo popanda dothi mapepalawo anali opanda ntchito.

Kenako ndinagwada pamaso pa achemwali. Ena ankati mwana apite naye kwa sing'anga akachotse zomwe zaikidwa. Ndinati, "Achemwali, ndidani ine mmene mungathere, koma mwanayu apite kuchipatala lero." Achemwali anabereka Tisa, n'kukwera panjinga ya bambo wina wa m'mudzimo. Asananyamuke anati, "Ndikupita. Koma Tisa akapanda kubwerako, chibale chathu chathera pano, ndipo mwana wakoyo asadzapondenso dothi la mudzi uno." Anthu n'kuwonjezera kuti ife tisachoke mpaka zidziwike. Ine ndinati ngakhale mukanapanda kunena, sitikanathawa, chifukwa kuthawa kukanakhala kuvomera.

Abale, masiku amenewo! Tinatsala awiri m'nyumba ya achemwali kumapeto kwa mudzi. Ndikapita kuchitsime amayi ankasiya nkhani, n'kusuntha ndowa zawo kuti zisagundane ndi yanga. Ana akamadutsa ankathamanga. Chipatala chili kutali, uthenga kunalibe. Njinga ikangolira belu kumsewu, ndinkathamangira panja kukaona. Tsiku loti Zelesi abwerere kusukulu linkayandikira, ndipo a zaulimi aja nawonso safulumira, amafuna nthawi yawo. Mwana anasiya kudya. Ankangokhala pakhonde n'kumayang'ana chigwembe. Tsiku lina anati, "Amayi, basi, zatha. Ndizingogulitsa masamba pamsika, ndiye ugadeni boyi womwe ankanena uja."

Ine ndinkapemphera, koma pemphero lake losalongosoka. Ndinkati Ambuye, chiritsani Tisa. Ambuye, chiritsani Tisa, chifukwa akapita iye, wanganso wapita. Ndani adzakwatire mkazi wotchedwa mfiti? Ndani adzamulembe ntchito wopanda pepala? Zaka zonse zija za kuzizira kwa kumwera, za kusekedwa kwanga pakhomo la tchalitchi, zithere m'chigwembe? Ndinkatsegula Baibulo, maso osaona zilembo. Ndinkayamba nyimbo n'kuisiyira panjira.

Ndiye m'mawa wina, dzuwa litakwera pang'ono, ndikusesa pabwalo, ndinadzutsa mutu. Ndinaona amayi a m'mudzi akubwera mondondozana m'kanjira kolunjika kunyumba ya achemwali. Aliyense ananyamula mbale yovundikira ndi kansalu.

Amayi anzanga, inu mukudziwa. Amayi a mudzi wonse akamabwera pakhomo limodzi ndi mbale zovundikira, amakhala akubweretsa ufa wa pamaliro. Tsache linagwa lokha. Ndinakhala pansi pomwepo pamatope n'kuyamba kulira, "Tisa iwe! Tisa mwana wanga!" Zelesi anatuluka m'nyumba, ataona mbalezo anangogwira chitseko. Ndinamuuza kuti, "Lowa, tseka, usatuluke." Ndinkati akangotula ufawo, chotsatira ndi mwana wanga.

Mayi woyamba anafika, yemwe uja anati akusiyani dala. Anagwada. Anati, "Odi kuno." Ine kulira. Anaika mbale patsogolo panga n'kuvundukula.

Munali dothi.

Wachiwiri anagwada, kuvundukula, dothi. Wachitatu, dothi. Lina lofiira, lina lakuda, lina lamchenga. Ine ndinasokonezeka, ndinati kodi ndapenga? Ndiye kumapeto kwa mzere ndinaona achemwali anga, ataonda, maso atalowa, mbale ili m'manja. Ndipo kumsana kwawo kamutu kanasuzumira, kakutafuna chinangwa.

Tisa! Wamoyo! Ameni, abale? Wamoyo!

Achemwali anakhala pansi pafupi nane. Anati, "Amake Zelesi, pukuta misozi, undimvere. Titafika kuchipatala, anesi anabwera ndi kasingano. Anati, agogo, tikupempha titenge magazi pang'ono a mwanayu. Ine ndinati mumtima, si zomwe zija izi? Koma ndinavomera. Anamubaya pachala, anapaka magazi pakagalasi, kenako anatenga cholembera n'kulembapo dzina la Tisa. Ndinawagwira dzanja, ndinati dzinalo mukulembera chiyani? Anaseka, anati, agogo, ana odwala ndi ambiri muno, tikapanda kulemba tidziwa bwanji kuti magazi awa ndi a ndani? Anapita nako, anabwera, anati ndi malungo, anamupatsa mankhwala. Ine masiku onsewa ndakhala pambali pa bedi ndikuganiza za kagalasi kaja ndi timatumba tija. Ndinati, kani mwana uja ankatenga magazi a mudzi kuti aone chomwe ukudwala."

Kenako anaitana, "Zelesi, tuluka." Mwana anatuluka n'kugwada. Anati, "Amayi aakulu, pepani." Achemwali anati, "Pepani ndi ife, tinakutayira ntchito yako. Koma nawenso umve. Anesi aja anayamba andipempha. Iwe unapempha amfumu, koma kuseri kwa nyumba yanga amfumu sasesako, ndimasesako ndine. Khomo la munthu umaodira, ngakhale ukufuna dothi lokha."

Ndinamva pambuyo pake kuti achemwaliwo anatsika lole pachitsime m'mawa umenewo, n'kupeza amayi akutunga. Anawafotokozera zonsezi pomwepo, n'kunena kuti sangalowe m'nyumba mwawo kukaonana ndi m'bale wawo chimanjamanja. Ndiye aliyense anathamangira kuseri kwa nyumba yake, n'kutapa yekha pakadzenje komwe Zelesi anasiya paja. Ndinawafunsa kuti, "Nanga kuvundikirako bwanji? Mukanandipha ndi mtima!" Mayi uja anati, "Tinkaopa mvula, lingasanduke phala." Abale, ndinaseka ndikulira.

Tsiku limenelo Zelesi anakhala pamphasa, mayi aliyense n'kumatchula yekha dzina lake, iye n'kumalemba. Wina anati, "Ulembe bwino, langa lisasokonezeke ndi la apongozi anga." Madzulo anyamata omwe anazula zikhomo aja anasema zina, n'kumayenda pambuyo pake akukhoma pomwe walozera. Nsanza zake ulendo uno zinali zoyera, ndinang'amba ndine nsalu ya pathebulo ya achemwali. Dothi linafika kwa a zaulimi, mayankho anatuluka mwana atamanga kale katundu, ndipo anakwera basi ali nawo m'chikwama.

Chaka chonse chatha ndinali ndi nkhawabe, sindinama, ine ndi nkhawa tinazolowerana. Koma mwezi wathawu mwana wabwera. Wakhoza. Digiri ili m'nyumba mwanga, ndaipachika pamwamba pa chithunzi cha bambo ake. Kumudzi kuja amayi abzala udzu ndi nsungwi motsatira zikhomo zoyera zija. Chigwembe sichinatseke, ayi, ntchito ikadalipo, koma mvula ya chaka chino yadutsa nyumba ya achemwali ili chiimire.

Ndipo lero sindinabwere ndekha. Achemwali, imirirani, anthu akuoneni. Ndi Akatolika awa, kolona ali nayo m'thumba, koma anati kumene ukathokoze Mulungu inenso ndikakhaleko. Ndipo kameneko kakubisala kuseri kwa chitenje chawoko ndi Tisa.

Ndikuthokoza Mulungu amene anachiritsa mwana uyu. Ndikuthokoza Mulungu amene anatsegula maso a achemwali anga ndi kagalasi kakang'ono ka kuchipatala, pomwe ine ndi uphunzitsi wanga wonse, ndi nsapato zovula zomwe, ndinalephera. Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero losalongosoka la mayi wamantha. Ine ndinakhala pansi kulira maliro, ndikuona mbale za ufa zikubwera. Iye anali atadzazamo kale tsogolo la mwana wanga.

Ndiye musandisiye ndikondwere ndekha. Abambo, manja amenewo. Achinyamata, ng'oma ilire. Ndipo inu amene munkafunsa za ugadeni boyi, nthungululu yoyamba ikhale yanu. Amayi, tiyeni!